Mmene Ndinapambanira a Mbewe

Mukandiona lero ndikugulitsa fodya wopota pamsewu wa ku Zemba, musamati ntchito anandichotsa. Ndinailimbirana ndekha nkhaniyo, ndi pakamwa pangapa, anthu akuwomba m'manja.

Padepoti ya thonje oyeza pasikelo tinalipo awiri, ine ndi a Mbewe. Zaka zonse tinkakangana kuti anayamba ntchito ndani. (Ndine. Iwo anabwera ine nditang'amba kale ovololo yoyamba.)

Nthawi ija makampani a boma ankagulitsidwa, kunabwera bwana wovala taye kuchokera ku Chipata. Anatikhazika pamabelo n'kuyamba kulakatula. Akuti kampani ikuchita ristrakicharing'i, ikufuna raitisaizing'i, maudindo ena aphatikizidwa. Ine mutu gwedezugwedezu, kuti anyamata onyamula mabelo aone kuti mdala Chingerezi amachimva. (Sindinatolepo kanthu.)

Kenako anati pa awirife, amene wagwira nthawi yaitali alandira pakeji.

Kwathu kuno akamagawa nyama, wamkulu ndiye amayamba. Ndinadzambatuka.

"Bwana, wamkulu pano ndine!"

"A Mbewe, mukuvomereza?" anafunsa bwanayo.

"Mmene anenera akuluwa," anatero a Mbewe, maso pansi ngati ali pa Misa.

Munthu amene sanagonjepo chiyambire! Pamenepo ndikanadzidzimuka. Koma ine ndinaitanitsanso mboni, amayi ogulitsa thobwa ndi mkulu wa ngolo, mawu anga kumveka mpaka kumjigo. Bwana anandigwira chanza, nati kampani sidzandiiwala. Ndinathamangira kunyumba, kugwira tambala wanga wofiira, kukamuika m'galimoto mwake. Mlendo wobweretsa zabwino sabwerera chimanjamanja.

"Ndiye akukwezani, atate ake Tisa?" anafunsa mkazi wanga madzulo.

"Amake Tisa, mafunso amenewo ndi a anthu osakhala pamiting'i."

M'mawa ndinalawira, nsapato zopolisha. Ndinapeza a Mbewe ali pasikelo, ataponda pamalo pamene ndimaima ine.

"Senderani, a Mbewe."

"Pepani, akulu. Udindo wanu uja auphatikiza."

"Auphatikiza ndi chiyani?"

"Ndi ine. Pakeji ija ndi yotsanzikira. Inu mwapuma."

Ndinayang'ana anyamata. Onse anali otanganidwa ndi zingwe za mabelo, mapewa okha akugwedezeka.

Mpaka lero amake Tisa akamva tambala wa eni akulira amangondiyang'ana. A Mbewe nawo akamadutsa panjinga amaimba belu n'kukuwa kuti, "Moni, akulu oyamba ntchito!"

Ine ndimayankha, mokweza ndithu. Nanga ndikane? Ndinayamba ndine.