Msomali umene unadzutsa Napolo m'khitchini mwathu

Mukadzabwera kwathu kufupi ndi Fort Lister, mkazi wanga adzakulandirani bwino, tiyi adzakuthirirani, koma m'khitchini sadzakulowetsani. Pakati pa matailosi ake oyera mbee pali chigamba cha simenti chachikulu ngati mphasa, ndipo mwini chigambacho ndine. Chonde musadzafunse ine ndili pomwepo. Bola ndikuuzeni ndekha pano.

Zinachitika matipate atakhazikika, aliyense akunena kuti ufulu wolankhula wafika. (Unafikadi dziko lonse, kupatula pakamwa pa mkamwini.) Ine ndine mkamwini. Nyumba tinamanga pamalo a kwawo kwa mkazi wanga, mayi a Tadala, ndipo nyumba ya apongozi anga aakazi ili pafupi moti akatsokomola timamva. Mayi a Tadala analima nandolo zaka ndi zaka mpaka anapeza chimene mtima wawo unkafuna: khitchini ya m'nyumba, ya matailosi, ya sinki, madzi a mpopi ochokera kuphiri akutulukira momwemo. Ankati amayi awo akula, azidzakhala pampando m'katimo, osati kumalira ndi utsi kuseri. Paipi ndinalamula ndine kuti idutse pansi pa simenti, isamaoneke pakhoma ngati ya kusukulu. Ndinalamula, kenaka ndinaiwala.

Kabati yapansi, yaitali ija ya madirowa, inabwera pa ngolo kuchokera kwa kalipentala. Yokongola, eya, koma pa matailosi oterera inalibe khalidwe. Ukakoka dirowa, kabati yonse inkabwera kudzakupatsa moni. Ndinaika makatoni pansi pake, ndinaika zitsekerero za mabotolo, mpaka ndinadula patapata wanga wakale. Ayi ndithu. Tsiku lina inapendekeka, mbale za alendo n'kusweka.

"Bambo a Tadala, muitane mwini wake adzaimangirire kukhoma," anatero mayi a Tadala. "Koma matailosi anga musawakhudze."

"Kalipentala wachiyani? M'nyumba muno mulibe mwamuna?"

Anangotola zidutswa za mbale zija. Ine ndinayesa kuti ndapambana.

Loweruka iwo atapita kumsika, ndinatulutsa hamala ndi misomali ya konkire. Nzeru zanga zinali zoti ndikakhoma mumzere wa pakati pa matailosi, tailosi silisweka, ndiye kuti sindinalikhudze. (Nzeru za mkamwini wosiyidwa yekha pakhomo muziziopa.) Ndinalowetsa mutu m'kabati n'kumakhoma thabwa lapansi mpaka m'simenti. Misomali ina inalowa movutikira, thukuta lili kamukamu. Nditamaliza ndinaona ngati pakona pakufunika wina. Umenewo unalowa mofewa ngati m'chinangwa chophika, ine n'kumadziyamikira kuti dzanja lazolowera. Kabati inaima nji. Mayi a Tadala atabwera anakoka dirowa, anakokanso, n'kundiyang'ana. Ndinati ndaipanikiza ndi timatabwa.

Patapita masiku kunagwa chiperoni, chija chamwano. Phiri la Michesi silinkaoneka, Mulanje sankaoneka, mtengo wa mango wa pakhomo unkangooneka ngati munthu waima mu utsi akukudikira. Masana nyumba ili zii, ndinamva mawu m'khitchini. Sssss. Kuleka. Sssss. Pang'onopang'ono, ngati chinthu chikupuma pansi pa nthaka. Mphaka wathu, amene ankakonda kugona pamwamba pa kabatiyo, anaima pakhomo ubweya utaima, ndipo ngakhale mutu wa usipa sunamulowetse. Mawa lake mizere ya matailosi inali yonyowa. Mayi a Tadala anakolopa, anakataya madzi panja, pobwera anapeza panyowanso. Madziwo anali ofiirira, a dothi, ozizira ngati a m'phanga.

Inu a kutali mwina mukuseka, koma kwathu madzi otuluka pansi si nkhani yoseka. Chaka chija Napolo anatsika kuphiri ndi miyala yaikulu ngati nyumba, apongozi anga anapulumukira mumtengo, ndipo mng'ono wawo sanapezeke mpaka lero. Amati Napolo ndi chinjoka cha pansi pa phiri, chikafuna kusamuka chimang'amba nthaka n'kuyenda ndi madzi. Akulu a mpingo amakana zimenezi, koma mvula ikalimba nawonso amaponya maso kuphiri.

Apongozi anaitanidwa. Analowa, anagwada movutikira, n'kuika khutu pa tailosi. Anakhala choncho nthawi yaitali. Podzuka nkhope yawo inali ya munthu wina. Mwa mwambo wathu iwo ndi ine sitilankhulana maso ndi maso, ndiye analankhula kwa mwana wawo.

"Mawu awa ndikuwadziwa. Tsiku lija nthaka inayamba chonchi, kutuluka thukuta. Ana asagone muno."

Anatenga Tadala ndi mng'ono wake, n'kupita nawo kwawo.

Osanama, panthawiyi ine ndinkaopa zenizeni. Ndinkadutsa pakhomo la khitchini chothamanga ngati mwana wodutsa pamanda. Za msomali sizinali m'mutu mwanga ngakhale pang'ono. Zinabwera tsiku limene mpopi unauma mudzi wonse, chifukwa a komiti ya madzi ankakonza china chake kumtunda. Mawu aja analeka. Madzi atabwera, mawu nawo anabwera. Ndinali ndi kapu m'manja pamene ndinakumbukira. Paipi! Mayo ine, paipi ija ndinalamula ndekha!

Apa munthu wanzeru akanalankhula. Koma taonani pamene zinthu zinali zitafika. Amayi a mvano anali atabwera kale kudzapemphera, anaimba mpaka mawu kusasa. Uthenga unali utapita ku Mkhumba kwa amalume a mkazi wanga, amene ndi mwinimbumba. Anthu ankalambalala nyumba yathu, ana akuilozera patali. Ndikanayamba bwanji? Kuimirira n'kunena kuti pepani nonse, Napolo wanuyo ndine? Amati manyazi anapha lambe. Ine anandisiya wamoyo kuti ndizikufotokozerani.

Ndinaganiza zokonza mwakachetechete. Lamulungu ndinanamizira mutu, onse n'kupita kutchalitchi. Chotsekera madzi chinali kumpopi wa mudzi, kiyi wake kwa a komiti, ndiye kumeneko sindikanapita. Ndinati ndizule msomali, ndiukulunge mphira, ndiubwezere. Chimene sindinkadziwa n'chakuti msomali womwewo ndi umene unkatseka bowo lake. Nditangouzula, phwaa! madzi m'maso, m'mphuno, m'khutu. Madzi a kuphiri ali ndi mphamvu, abale. Ndinaubwezera ndi hamala mwamantha, osaona ndi komwe, ndipo ndinamva chinthu chikung'ambika pansipo. Pamwamba madzi analeka. Ndinapukuta, ndinasintha malaya, ndinakagona ngati wodwala weniweni.

Madzi aja sanaleke. Anangosintha njira, n'kuyamba kuyenda pansi pa matailosi.

Anthu pochokera kutchalitchi anapatukira kwathu kudzazonda mutu wanga. Mayi a Tadala anatsegula khitchini n'kubwerera chafutambuyo. Matailosi anali atatukuka, osati onse, koma mzere umodzi wokhotakhota kuchokera pa kabati kulowera kukhomo lakunja. Tili chiyang'anire, tailosi lotsatira linatukuka lokha, gwa, timadzi tofiira tikutuluka m'mbali. Kenaka mayi wina anakuwa, "Wayamba kuyenda!" Bwalo linatsala ndi nsapato zokhazokha. Ine amene ndinkadziwa zonse, tsitsi linandiimanso, ndipo ndinathawa nawo. (Wodwala mutu uja anapitirira anyamata.)

Amalume anafika mawa lake. Tinakhala pansi pa mango, chiperoni chikudontha m'masamba, nyumba ili apo yotseka ngati mwatuluka maliro. Iwo anamva mbali zonse, kupatula yanga, poti mkamwini safunsidwa. Kenaka anagamula.

"Pamene padutsa chinthu chimenechi munthu sakhalapo. Malata azulidwe, zitseko zichotsedwe. Malo ena tikupatsani ku Mkhumba."

Ndinayang'ana mayi a Tadala. Sanalire mokweza. Anangokhala, manja ali pamiyendo, misozi ili chuchuchu, maso ali pa zenera la khitchini yawo. Manja amenewo ndi amene anathyola nandolo zaka zonse zija. Zinandipweteka kwambiri, moti manyazi anachepa.

"Amalume, ndili ndi mawu."

"Ehe, akamwini ali ndi mawu? Tiyeni timve."

"Ndinakhoma msomali."

"Msomali? Mwakhoma chiyani?"

"Kabati ija. Pansi pake pamadutsa paipi."

Mayi a Tadala anatembenuka pang'onopang'ono.

"Bambo a Tadala, munati timatabwa."

Ndinayang'ana zala za kumapazi.

A komiti anatseka madzi, amuna analowa ndi zitsulo. Pofuna kupeza pamene paipi yathera kung'ambika anaswa matailosi motsatira mzere wonse uja, mwini wake akumva kulira kwa lililonse ali panja. Ndikanalankhula tsiku lija mpopi unauma, likanasweka tailosi limodzi lokha. Anatulutsa paipi yong'ambika, msomali wanga uli chilili pakati. Amalume anaukweza m'mwamba kuti onse aone.

"Amuna inu ndinu oopsa! Mwakhoma Napolo pamutu!"

Anthu anaseka mpaka kugwirana, oseka kwambiri ali omwe aja anasiya nsapato pabwalo. Nanenso ndinayesa kusekerera, poganiza kuti zatha.

Apongozi sanaseke. Anaima panja pa khomo, ndodo ili m'manja, n'kulankhula kwa mwana wawo mokweza kuti ndimve.

"Uwauze amuna ako. Masiku onsewa ana aja ndimagona nditawamangirira m'chiuno mwanga ndi chitenje, kuti madzi akabwera asandilande ngati anandilandira mng'ono wanga."

Kuseka kunathera pomwepo. Ine ndinalakalaka bowo lija likanakula n'kundimeza. Mayi a Tadala, ngakhale anali okwiya nane, anayesa kuwatonthoza. Anatenga paipi ija n'kuwaonetsa.

"Amayi, taonani, ndi paipi chabe. Palibe china."

Apongozi anaiyang'ana, anayang'ananso pansi pokumbidwapo.

"Paipi ndaiona. Koma khitchini yonseyi kukula kwake, anawalozera pamenepo ndani?"

Nyumba inapulumuka, malata sanazulidwe. Ndinapepesa ndi nkhuku kudzera kwa amalume, ndipo inalandiridwa. Koma apongozi sanapondenso m'khitchini ija. Mpando umene mwana wawo anawagulira unakhala wopanda munthu, iwo akudyera pakhonde, mvula kaya dzuwa, mpaka tsiku limene tinawaperekeza kumanda. Mayi a Tadala zimenezi sanandinenepo ngakhale kamodzi, ndipo bola akanandinena.

Phunziro ndinalitola: mkazi akati musakhudze, musayambe kufufuza mizere, ndipo mukalakwa lankhulani amayi a mvano asanayambe nyimbo. Koma funso la apongozi lija sindinaliyankhe mpaka lero. Kabati inali itaima kale nji. Sindidziwa chimene chinandiuza kuti pakona paja pakufunika msomali wina.