Gadiyani wa Nsomba za aMhango

Kuseri kwa nyumba yanga ku Area 25, pansi pa mtengo wa papaya, pali timanda tisanu ndi kamodzi timene abusa sakutidziwa. Ndinakumba ndekha, ndipo onse amene agona mmenemo ndinawadwazika ndekha. Ndaganiza zoulula lero, poti papita zaka zambiri ndipo papayayo akubereka mochititsa manyazi.

Zinali m'zaka zija matipate atangoyamba kumene. Neba wanga anali aMhango, kalaliki wa m'boma wochokera ku Rumphi, munthu wa mawu ochepa, wampingo mnzanga. Akazi awo, aNyachirwa, anali atamwalira chaka chathacho. Mayiwa ankagwira ntchito m'nyumba mwa mzungu wina, ndipo mzunguyo pobwerera kwawo anawasiyira thanki yagalasi muli nsomba zamoyo zisanu ndi ziwiri. Zisanu ndi imodzi zinali ngati matemba, koma zamawangamawanga. Inayo inali yaikulu, yofiirira ngati lalanje, ya chipsepse chonga nsalu. Nsomba zosaphika, zongoyang'ana. Chimwalirireni mayiwo, aMhango akaweruka ankakoka mpando n'kukhala moyang'anizana ndi thankiyo, osayankhula. Ife sitinkafunsa.

Mu Juni anatenga tchuthi cha milungu iwiri kuti akamange chiliza pamanda a akazi awo. Anabwera kwathu ndi kiyi komanso kachitini ka chakudya cha nsomba, tinthu topyapyala ngati mankhusu.

"ANeba, inu ndinu a komiti yoyendera odwala, muli ndi chifundo," anatero. "Muzingotsina ndi zala ziwiri, kamodzi patsiku. Musawonjezere. Madzi musawakhudze."

"Pitani ndi mtendere, aMhango. Ambuye atsogola."

(Ambuye anatsogoladi. Amene anatsalira ndine.)

Tsiku loyamba ndinatsina monga ndinauzidwa. Nsomba zinamaliza ndisanatseke n'chitini chomwe, n'kumandiyang'ana, kukamwa kuli yasa! yasa! Mtima wanga unawawa. Ine ndagonapo pakhonde la chipatala kasanu konse ngati gadiyani, ndipo ndimadziwa nkhope ya munthu amene sanakhute. Ndinaganiza kuti chisoni chawaumitsa dzanja aMhango. Ndinatsina kachiwiri, kachitatu, kenako ndinangopendeketsa chitini. Pofika tsiku lachinayi chitini chinali mbee! chopanda kanthu. Ndinayamba kunyenyera buledi.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi madzi anali ngati thobwa. Nsomba zinali ndi timadontho toyera thupi lonse, zipsepse zitapinda, ndipo zinkadzikhula pamiyala ngati mbuzi ya mphere. Zina zinkangokhala pamwamba n'kumapuma mwabefu.

Ndinaitana akazi anga kuti adzaone.

"Bambo a Chisomo, nsombazi mwazidyetsa chiyani?"

"Sizikudwala kudya, mayi. Taonani mawanga oyerawo. Ili ndi khate."

"Khate? Nsomba?"

"Malemba amafotokoza bwino. Banga loyera pakhungu, chodetsedwa chonse chitsukidwe."

"Nanga aMhango sanati madzi musawakhudze?"

"Anatero nsomba zili bwino. Pano ndi matenda."

Anapukusa mutu n'kubwerera kokachapa. Ine ndinavuula odwala anga ndi sefa ya tiyi, n'kuwaika m'beseni. Ndinatsuka thanki ndi sopo waufa mpaka galasi linalira. Miyala ndinaikwecha umodziumodzi ndi burashi. Kasiponji kakuda kamene kanali m'kamakina kotulutsa thovu ndinakachapanso mpaka kanayera. Ndinadzaza madzi ochokera pampopi pomwepo, ozizira ngati a m'firiji poti inali Juni, n'kubwezeramo nsomba. Thanki inawala. Ndinapemphera pemphero lalifupi lothokoza.

M'mawa mwake ziwiri zinali zitagona chagada.

Apa m'pamene ndinakumbukira Che Yusufu, mmisiri wodula magalasi ku Biwi, amene anatiikira mawindo a tchalitchi. Anali wa ku Mangochi, ndipo ndinamvapo kuti ali mnyamata ankagwira ntchito yogwira tinsomba tokongola totumiza kunja. Ndinakwera minibasi ziwiri. Ndinawapeza akulemba mzere pagalasi, kapensulo kali kukhutu. Ndinafotokoza zonse, kupatula za buledi.

"Buledi munathira?" anafunsa asanadzutse n'mutu womwe.

"Pang'ono."

"Sopo?"

"Waufa."

"Madzi a pampopi, osagoneka?"

Ndinavomera ndi mutu.

"Achimwene, si khate ilo. Ndi tizilombo tating'onoting'ono, timakhala pakhungu ngati nthata. Timapeza mpata nsomba ikafooka ndi kuzizira kapena madzi onyansa. Madzi munawaipitsa ndi chakudya. Kenako sopo ndi mankhwala a m'madzi a pampopi zawotcha makha, mopumira muja. Tsopano mverani. Masiku atatu osazipatsa kanthu."

"Wodwala osadya?"

"Osadya! Tungani madzi, agone m'ndowa mpaka mawa kuti mankhwala auluke. Tsiku lililonse muzichotsa pang'ono akalewo n'kuthiramo ogonawo. Thanki ichoke pawindo, isazizidwe. Ndiye mchere wamiyala uja, kasupuni ka tiyi kamodzi pa ndowa iliyonse, wosungunula kaye. Kamodzi, achimwene. Ndanena kangati?"

"Kamodzi."

Nditamva za mchere mtima wanga unadumpha. M'minibasi monse ndinkasinkhasinkha za mneneri uja amene anachiritsa kasupe wa mudzi wonse pothiramo mchere. Ndinaona kuti Ambuye ayankhula kudzera mwa Msilamu, ndipo sindinadabwe, poti Iwo sasowa wotuma. Koma ndinakumbukiranso kuti mneneriyo sanaitanitse kasupuni. Anaitanitsa mbale, yatsopano. Che Yusufu anali ndi nzeru, ndinavomereza, koma chikhulupiriro chawo pa mchere chinali chochepa.

Za kugoneka madzi ndinati ndiyamba mawa. Za mchere ndinayamba nthawi yomweyo. Ndinatsegula kabati ya akazi anga, ndinatenga kambale ka maluwa kamene sikanadyeredwepo chigulireni, ndinadzaza mchere mpaka kusefukira, n'kukhuthulira muthanki. (Za kusala kudya ndinamvera theka. Ndinangozipatsa kaphala kochepa, poti mankhwala samwera m'mimba mopanda kanthu.)

Dzuwa lisanapendeke, zinayi zinatsatira anzawo. Inatsala imodzi, yaikulu ija, itagona cham'mbali pansi, chipsepse chili lende.

Ndinakhala pampando wa aMhango. Ndinaona kuti mpandowo unali utakumba timaenje pasimenti, pamalo amodzimodzi, chifukwa chokhalidwa tsiku ndi tsiku. Apa m'pamene ndinazindikira chimene bambo uja ankayang'ana m'galasimo, ndipo pemphero linandikanika.

Akazi anga anabwera n'kuona zimene ndinachita. Anandilanda kiyi, anamanga chitenje, n'kupita okha ku Biwi. Anabwera ndi Che Yusufu. Mmisiriyo anaviika chala m'madzi, analawa, n'kuthamangira panja kukalavula.

"Achimwene, mukuchiza kapena mukuphika? Apa kwangotsala tomato ndi anyezi!"

"Ndimati zichire msanga."

"Mayi, muli ndi madzi ogona?"

Anali nawo, mumgolo wosungira madzi akasiya kutuluka pampopi. Awiriwo anayamba kuchotsa madzi amchere pang'onopang'ono ndi kapu, n'kumathiramo a mumgolo. Ine anandipatsa ntchito yoima pakhomo.

"Mtundu uwu ndi wolimba, mwina ipirira," anatero Che Yusufu. "Koma bambowa asayandikire."

"Angathe kupemphera?" anafunsa akazi anga.

"Ali panja, inde."

Ndinapempheradi panja, masiku asanu ndi awiri. Akazi anga ankasintha madzi, ankayeza mchere ndi kasupuni, ndipo chakudya chimene Che Yusufu anabweretsa ankachisunga m'thumba la epuloni. Tsiku lachitatu nsomba inadzuka. Madontho anayamba kuchepa mpaka anatheratu.

Pa masiku amenewo Satana anandinong'oneza kuti ndipite kumtsinje wa Lingadzi ndikagwire matemba asanu ndi limodzi, mwina aMhango sangazindikire. Ndinamukana. (Kunena zoona, akazi anga ndi amene anamukana, nditawafunsa ngati tili ndi neti yakale.)

AMhango anafika Loweruka masana, nsapato zili mbuu ndi fumbi. Anaika chikwama pansi n'kupita pathanki. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Zinali seveni, aNeba."

Ndinaulula zonse: chitini, buledi, sopo, mbale ya maluwa, phala. Sindinasiye kanthu. Iwo anamvetsera osandiyang'ana.

"Mwaziika kuti?"

"Pansi pa papaya. Ndinachita mwambo wonse."

Anakoka mpando wawo, miyendo yake inalowa m'timaenje tija, n'kukhala. Nsomba inabwera pagalasi, kukamwa kuli yasa! yasa!

"Iyi ndiyo ankayankhula nayo aNyachirwa," anatero. Kenako anawonjezera kuti, "Yewo. Mukawathokoze amayi."

Sanandikalipire tsiku limenelo kapena lina lililonse. Chaka chotsatira popita ku Rumphi kiyi anapatsa akazi anga, ine ndili pomwepo. Ankandilolabe kukazonda nsombayo, koma ndikangolowa ankati, "Manja m'thumba, aNeba," ndipo ndinkamvera.

Ndinaphunzira kuti wodwala wina amachira ukamumana. Ndimavomereza zimenezi ndi mutu wanga wonse. Koma nthawi zonse nsomba ija ikandiyasamulira kukamwa kuseri kwa galasi, zala zanga zinkayamba kufunafuna m'thumba, ndipo mpaka lero ndimakhulupirira kuti inali ndi njala.