Mafuta a ku Dimba Langa

Mpaka lero ndikamadutsa pamalo okwerera minibasi, makondakitala amakuwa kuti, "Ba Oilo, mukwela?" Dzinali sindinabadwe nalo ayi. Ndinadziputira ndekha.

Zinayamba pamene mlamu wanga Zulu, mlongo wake wa mkazi wanga, anasankhidwa kulowa m'komiti yolangiza boma za kukopa anthu achuma kuti adzakumbe miyala ndi kufufuza mafuta m'chigawo chathu. Zulu! Munthu amene ndinamuphunzitsa ntchito ndine pamene tinali limodzi ku fakitale ya feteleza. Tsopano galimoto ya boma inkabwera kudzamutenga pakhomo ku Estates, iye ali mu suti, baji ikulendewera pakhosi ngati belu la mbuzi (chabwino, ndivomere, bajiyo inali yokongola).

Mkazi wanga ndiye ankathira tsabola pachilonda. "Mwaona ka, batate bake Misozi, ba Zulu manje badyela pamodzi na mabwana."

Ndinkangoti "eee" basi.

Loweruka lina ndikulima ku dimba langa kufupi ndi mtsinje, khasu linatuluka m'nthaka lili bii, likunyezimira. Ndinanunkhiza. Mafuta! Ndinadzaza dothilo m'chigubu n'kukabisa kunsi kwa bedi. Sindinauze munthu aliyense (ndimuuze Zulu kuti akatchuke ndi mafuta anga?).

Patapita masabata awiri komiti inaitanitsa msonkhano wa anthu onse m'holo ina m'tauni, alendo achuma ali pomwepo. Ndinavala jekete langa la paukwati, lomwe linakana kumanga mabatani, chigubu chili m'kwapa. Zulu analankhula kutsogolo, anthu n'kumuombera m'manja. Apo mpamene ndinalephera kupirira. Ndinaimirira.

"Ba cheyamani, aba bakamba chabe. Ine nabwela na mafuta yeniyeni ya muno mu Kafue!"

Mayi wina, katswiri wa za miyala wochokera ku Lusaka, analandira chigubu, n'kutsegula, n'kupaka pang'ono pachala.

"Ba tata, mwayapeza kuti?"

"Ku dimba kwanga, pansi pa mkuyu."

Ndinaona Zulu atagwira pakamwa. Mumtima ndinati eya, lero yakugwira iwe, ndipo ndinatukumula chifuwa.

"Iyi ni oilo ya mu injini," mayiyo anatero mwaulemu wopweteka. "Yosila kale nchito."

Zulu anaimirira pang'onopang'ono. "Ba mlamu, pepani. Ni ine. Mwezi watha ninachinjila oilo ya motoka yanga pansi pa uja mkuyu."

Anthu anaseka mpaka womasulira anachita kukhala pansi, kulephera kuuza alendo chimene chachitika. Ine ndinafuna kuti mgodi utseguke pompo undimeze. Chinanditonthoza n'chakuti tsopano Zulu adzudzulidwa chifukwa chotaya oilo pafupi ndi mtsinje.

Anadzudzulidwadi, kwa mphindi imodzi. Kenako wapampando anamuyamikira chifukwa chovomera kulakwa pamaso pa anthu, n'kunena kuti munthu wachilungamo chonchi ndiye woyenera kutsogolera gulu loona kuti migodi isaononge mtsinje. Anamuomberanso m'manja. Ndiye kuti ine, ndi chigubu changa, ndinamukweza paudindo.

Mkazi wanga akuti ndisiye nsanje, ndipo ndasiyadi. Dzulo Zulu anapita ku msonkhano ku Copperbelt pa ndeke, ndipo ndinamufunira ulendo wabwino ndi mtima wonse. Kungoti ndeke ikamadutsa, sindiyang'ana kumwamba.