Kontena ya Tisa

Lolemba

Kontena yatha! Mawindo awiri ndadula ndekha, chitseko ndawotcherera, penti wabuluu. Zaka zonse ndakhala ndikuwotcherera zitsulo muno m'Kanyama mu Lusaka, ntchito yonyadira ndi imeneyi.

Ndi ya Tisa, mlongo wanga wamasiye. Nyumba yake inagwa ndi mvula ya pa Khirisimasi, ndipo iye ndi ana ake awiri akugona m'kalasi ya sukulu ya kutchalitchi. Sukulu ikutsegulidwa Lolemba likudzali. Pofika Lamulungu akhale atalowa m'nyumba yakeyake.

Ndaiika kuseri kwa nyumba yanga, pamwamba pa matayala akale a lole asanu ndi atatu, ogonekedwa awiriawiri. Pansi pa Kanyama ndi mwala, madzi salowa m'nthaka, amalowa m'nyumba za anthu. Nzeru zimenezo!

Zatsala:
chiphaso chololeza anthu kukhalamo
loko
kuuza Tisa aleke kuthokoza

Lachiwiri

Atcheyamani a dera lathu aizungulira kawiri, akugogoda ngati akugula chivwende. "Ni yabwino boss, koma ine nilibe mphamvu pa vinthu va so. Yendani ku khonsolo."

Kukhonsolo mzere wafika panja. Mayi wa pawindo akuyang'ana chithunzi pafoni yanga, akuwerenga matayala ndi chikhadabo. "Ba tata, iyi ili na matayala. Va matayala ni va boma. Ise tiona chabe manyumba."

Ndikuti matayalawo ngogona, sagudubuzika. Akuti tayala ndi tayala.

Lachitatu

Ku ofesi ya boma yoona za magalimoto. Minibasi ziwiri, nsapato zodzaza matope. Bambo wa tayi, munthu waulemu ndithu, akundifunsa:
injini? palibe
chiwongolero? palibe
mabuleki? ya chiyani, poti siyenda
mugona munthu? atatu

"Ndiye ni nyumba iyo, mudala. Bwelelani ku khonsolo." Waseka mpaka misozi, kenako wandiperekeza mpaka pakhomo.

Amati njovu zikamamenyana wovutika ndi udzu. Izi sizikumenyana n'komwe, zikungopatsana ulemu, koma udzu ukupondedwabe. Tisa watumiza uthenga kufunsa kukula kwa mawindo, akufuna kusoka makatani. Ndamuyankha kuti zonse zili bwino.

Lachinayi

Ngati vuto ndi matayala, achoke!

Majeke anayi obwereka, amuna asanu ndi mmodzi, chala changa chimodzi chotupa ngati mbatata. Pofika masana kontena yakhala pansi, phaa. Mkazi wanga, amake Dalitso, angoima pakhomo manja m'chiuno: "Muvula nsapato pamene mvula ibwela?" Za malamulo sazidziwa.

Chithunzi chatsopano, ulendo kukhonsolo. Mayi uja akumwetulira. "Ehee, manje iyi ni nyumba!" Woyendera nyumba abwera mawa masana. Ndagula loko. Ndikuyenda ngati ndine mwini Lusaka.

Lachisanu

Mvula kuyambira m'mawa. Osati yamasewera.

Pofika masana, m'kontena muli:
madzi ofika m'akakolo
mphasa yatsopano, ikuyandama
achule awiri, alowa opanda chiphaso

Woyendera nyumba wafika atavala majombo. Wasuzumira, wapukusa mutu, ndipo nkhope yake ikuoneka yachisoni zenizeni. "Boss, mwaipanga bwino maningi. Koma bana sibangagone mu manzi so. Ikwezeni."

Ndikufunsa kuti ndiikweze pa chiyani.

"Pa chilichonse cholimba. Benangu bamaikako matayala."

Amake Dalitso athawira m'nyumba, ndikuwamva akuseka m'pilo.

Loweruka

Chabwino, midadada ya simenti. Ndaimbira woyendera uja. Akuti midadada ndi maziko, maziko amafuna pulani yojambulidwa, pulani imaonedwa pakatha milungu itatu. Nanga matayala? Akuti iye sakana, koma za mayi wa pawindo la kukhonsolo uja ndikudziwa ndekha.

Ndayesabe kuikweza. Jeke yoyamba yaterereka, yachiwiri yamira, mwini wake wabwera kudzatenga zonse zinayi akutukwana.

Tisa wafika ndi ndowa, makatani ali m'pepala lapulasitiki kukhwapa. Osafunsa kanthu, wayamba kukapa madzi. Akutunga m'kati, akutaya panja, madzi omwewo akubwerera pansi pa chitseko. Ndikumuuza aleke. "Achimwene, nisiyeni nisebenzeko mu nyumba yanga, olo lelo chabe."

Manyazi andigwira, ndachita kutembenukira kukhoma. Aphunzitsi aakulu atumiza mawu kuti mabenchi abwerera m'kalasi mawa mapemphero akatha.

Lamulungu

Mvula yakata. Kontena ili phee m'madzi, yokongola, yabuluu. Si galimoto, si nyumba.

Titaweruka kutchalitchi tasamutsa katundu wa Tisa pa wilibala, maulendo awiri okha. Ndiye zonse zomwe ali nazo.

Amake Dalitso lero sakuseka. Atulutsa mipando panja, asesa pabalaza, andiuza ndikhome misomali iwiri ndi kumanga waya kuchokera khoma ili kufika ilo. Zipinda zathu ndi ziwiri, anthu tsopano ndife asanu ndi atatu.

Tisa wapachika makatani ake pawayapo. Ngaafupi, anasokera mawindo. Akakhala kuseri kwake mutu sukuoneka, koma miyendo yonse ili poyera. Akuti, "Yakwana bwino, achimwene."

Ndavomera kuti yakwana.