Mmene ndinadyera digiri ya Ba Misozi

Mpaka lero Ba Misozi akandiona ndikuyandikira firiji amatsokomola. Sindiwadandaula. Inenso ndikanakhala iwo ndikanagula loko.

Chaka chimenecho ine ndi abambo akunyumba tinkakhala ku Lucan, kufupi ndi Dublin ku Ireland, m'nyumba yogawana ndi mayi wa ku Zambia ameneyu. Ine ndinkasamalira okalamba, Ba Misozi ankachita maphunziro apamwamba a dothi. Anapita ku tizilumba totentha ta m'nyanja ya India kukatapa dothi m'timabotolo. Ankati m'kadothi kodzaza supuni muli tizamoyo tosaoneka ndi maso tosawerengeka, ndipo iwo amatidziwa tonse pamodzi powerenga DNA yake pamakina. (Ine ndinkangoti "eya, eya," maganizo ali pa shifiti ya mawa.)

Ndiye ndinali ndi pathupi. Azimayi anzanga mukudziwa chimene chimachitika. Ena amafuna mango osapsa, ine ndinkafuna dothi. Mvula ikawaza, fungo lija linkandigwetsa malovu m'basi. Koma dothi la pachulu ungalipeze kuti ku Dublin?

Tsiku lina ndikufuna nkhuku mufiriza, ndinapeza kabokosi. Firiji ya ku labu kwawo inali itawonongeka, ndiye Ba Misozi anasungiza timabotolo tina kunyumba. Anandiuza ndithu, sindinama. Koma nditaona dothi lofiira m'kabotolo kena, lofanana ndendende ndi la kwathu ku Thyolo, nzeru zinatuluka pawindo.

Ndinati ndingonunkhiza. Kenako ndinati ndingolawa ndi kansonga ka supuni. Abale, linali lokoma, lozizira bwino ngati ayisikirimu! Supuni yomweyo, yonyambita kale, ndinaipisa m'timabotolo tina kuti ndiyerekeze. Pofika Lachisanu, kabotolo kofiira kaja kanali katafika pakati.

Apa munthu wanzeru akanaulula. Ine ndinatuluka kuseri kwa nyumba, ndinakumba pansi pa mpanda wa maluwa, n'kudzazitsa kabotoloko, n'kukhutchumula bwinobwino. (Dothi ndi dothi, ndinatero. Adziwa ndani?)

Patapita milungu ingapo, Ba Misozi analowa m'nyumba akuvina, jekete ili m'manja.

"Ba sisi, nkhalani pansi! Napeza vinthu vamene palibe munthu anapezapo!"

"Zotani, Ba Misozi?"

"Pa kachilumba kamodzi, tizamoyo twake tulingana na twa kumaiko yozizira. Elo mu mabotolo yonse muli tuja tumankhala mukamwa mwa munthu. Pa chilumba chamene sipankhala munthu! Mailo nikauza aprofesa."

Mwana m'mimba anandimenya kachibakera, ngati akuti amayi, yankhulani. Ndinayang'ana mayi uja. Anasiya ana ake awiri ku Chipata chifukwa cha sukulu imeneyi, ndipo mawa akaima pamaso pa akuluakulu kulengeza za malovu anga.

"Ba Misozi," ndinatero, "munthu wa m'kamwayo ndine."

Sanamve msanga. Ndinafotokoza za supuni. Nditafika pa za mpanda wa maluwa, anakhala pansi pa simenti penipeni, jekete ili pamutu. Abambo akunyumba, amene ankamvera ali pakhomo, anangofunsa funso limodzi: "Mayi, ndiye chakudya chimene ndimagula chija n'chochepa?"

Chimene chinandichititsa manyazi kwambiri n'chakuti Ba Misozi atavula jekete kumutu sanakalipe. Anandigwira dzanja. "Muziba vamene vingankhale mu dothi ija? Tiyeni kuchipatala manje manje." Kumeneko mzamba anandiyeza n'kupeza kuti magazi ndi ochepa, n'chifukwa chake ndinkalakalaka dothi. Anandipatsa mapiritsi. Mwana anali bwinobwino. Koma Ba Misozi anakhala pafupifupi mwezi akundipatsa moni wa pakhosi, uku akubwereza ntchito yonse ndi timabotolo tochepa timene tinatsala ku labu ina.

Chilango changa chinali chopita nawo ku labu kukapereka malovu, kuti atsimikize kuti tizamoyo tachilendo tija ndi tangadi. Ndinavala diresi ya kutchalitchi. Aprofesa awo, bambo wachiairishi waimvi, waulemu wake, anandipatsa mpando, n'kundifunsa za thanzi langa. Ophunzira onse ankanamizira kuyang'ana kompyuta. Nditalavulira m'kabotolo, bamboyo anatsitsa magalasi n'kunena kuti wagwira ntchito ya dothi moyo wake wonse, koma pali funso limodzi limene sanapezepo womufunsa.

"Mwa zilumba zonsezo, lokoma kwambiri linali liti?"

Munthu wophunzirapo kanthu akanangoweramitsa mutu. Ine ndinamva pakamwa panga pakuyankha pokha: "Lofiira lija, bwana. Enawo mchenga unachuluka."