A Chidule ndi Manambala Awo

Anthu ena amadana ndi phokoso, ena amadana ndi apongozi, koma a Chidule ankadana ndi mawu. Osati mawu otukwana ayi, mawu basi. Ukawapatsa moni kuti, "Mwadzuka bwanji achimwene?" ankakuyang'ana ngati wawaponda chala, n'kuyankha kuti, "Wani." Wani ndiye kuti ali bwino. Thuu ndiye kuti mutu ukuwawa. Anamwalira mwezi wathawu, koma musayembekezere kuti ndiwayamikira chifukwa choti anatsogola. Munthu uja anatipweteka.

Mu ofesi yathu, pamwamba pa sitolo ya matayala, tinalimo ine, abwana, mayi wa malipiro ndi iwowo. Tonse tinkadyera pa pulogalamu imodzi yogulitsira matikiti, ya kampani ina ya mabasi. Kampaniyo ikanangotisiya, tonsefe kunyumba. Gawo la a Chidule linali mawindo a pa sikirini: batani likhale pati, la mtundu wanji, zilembo zikule bwanji.

Ndikufotokozereni pang'ono kuti muone pamene misala inalowera. Chilichonse cha pa windo chimakhala ndi dzina lalitali, monga "windo.batani.mtundu". Kompyuta imachedwa ikamayerekeza mayina chilembo ndi chilembo, ndiye pulogalamu imadula dzinalo pamadontho, liwu lililonse n'kulipatsa kanambala kake. Liwulo likabweranso, nambala ndi yomweyo, ntchito n'kumathamanga. Ndi nzeru yabwino ndithu, ndipo sanaiyambitse ndi iwo, ngakhale ankayenda ngati anabadwa nayo. Koma aliyense wamutu wabwino amasunga mawuwo, kuti ukafunsa kuti 40 n'chiyani, makina akuuze kuti ndi "mtundu".

A Chidule anafufuta mawu onse. Eti ankadya malo! Anasiya manambala okhaokha, matanthauzo ake n'kuwatsekera m'mutu mwawo, kumutu kwa dazi kuja.

Tsiku limene ndinazitulukira ndinawafunsa.

"Achimwene, mawu aja apita kuti?"

"Ndataya."

"Nanga 212 n'chiyani?"

"Uzindifunsa."

"Mukadzadwala?"

"Ine sindidwala. Thuu basi."

Sizinathere pa makina. Anthufe anatipatsanso manambala, motsatira amene anayamba kukumana naye pamoyo wawo wa ntchito. Ine ndinali Naini. Abwana anali Twelofu, ndipo zinkawawawa kwambiri kuti mlonda wa pageti ndi Leveni. Akazi awo akabwera ndi chakudya cha masana, a Chidule ankangoti, osadzutsa n'komwe mutu, "Faifi wafika."

"Bambo inu, ine ndili ndi dzina," mayiwo ankatero.

"Lalitali."

Mayi aja ndi opirira, abale. Ndikanakhala ine, mbale ija ikanathera padazi.

Abwana anayesapo kuwanyengerera. "Akulu, mutu umodzi susenza denga. Tiuzeniko manambalawa." A Chidule anangoti, "Wanga ukusenza." Abwana atatopa anawachotsa ntchito, n'kulemba munthu wina, wa tayi ndi chikwama chonyezimira. Munthuyo anasintha kanambala kamodzi kokha, poganiza kuti akukulitsa zilembo. Batani lolipirira linasanduka loyera pa windo loyera. Kudepoti ogulitsa matikiti ankalifufuza ndi chala ngati singano yogwera pamchenga, mzere wa anthu mpaka kumsewu, foni ya abwana ili kulira osapuma. Watayi uja anati akukagula madzi. Linali liwiro la mtondo wadooka, mpaka lero sitinamuonenso.

A Chidule anabwerera madzulo ake, atawatumizira galimoto. Anakhala pansi, kudina ndi chala chimodzi, batani n'kutulukira. Kenako anatiyang'ana mmodzimmodzi, monyada ngati tambala. Zimenezo si luso ayi. Kubisa kiyi wa nyumba n'kumadzitama kuti umatha kutsegula chitseko, n'chiyani chimenecho? Koma anali atatigwira pakhosi, ndipo ankadziwa.

Chaka chino kampani ya mabasi inafuna windo latsopano lolipirira pafoni, n'kutiuza kuti tikalephera apita kwina. Sabata yomweyo munthu wosadwala uja anagonekedwa m'chipatala, impso zitakana. Madzi anafika m'khosi. Abwana ananditumiza ndi nthochi.

Ndinawapeza atatha, mikono ngati bango, koma mwano uli chilili.

"Naini."

"Achimwene, tikufa. Ndiuzeni manambala aja."

"17 ndi m'lifupi mwa batani."

"Eya, pitirizani."

"Mawa."

"Mawa? Alipo mazanamazana!"

"Nthochizi n'zosapsa."

Ndinapita mawa lakelo, ndi mkuja wake, mpaka manesi anayamba kunditenga ngati m'bale wa wodwalayo. Ulendo uliwonse nambala imodzi, ndipo asanainene ndimayenera ndiwauze kaye za ku ofesi: ndani wachedwa, abwana akalipira ndani, mlonda anaikitsa mano kapena ayi. Munthu wodana ndi mawu uja ankamvetsera zonsezo maso ali mwaa. Tsiku lina ndinapsa mtima mpaka kutuluka ndisanatsanzike. Pakhonde akazi awo anandigwira mkono.

"Musawakwiyire, alamu. Akudziwa kuti akakuuzani zonse simubweranso."

Ankanena zoona. Akanabwera ndani? Munthu sanapiteko ku ukwati wa aliyense, sanafunsepo mwana wa mnzake kuti ali kalasi yanji. Anzake analibe, anangokhala ndi anthu omufuna, ndipo ankatiwerengera chakudya ngati nkhuku kuti tisachoke pakhomo. Ndinabwerera m'wodimo, n'kukhala pansi. Chisoni chinandigwira, ndipo zinandinyansa kuti chandigwira.

Anamwalira, n'kupita ndi manambala otsalawo onse.

Masiku ano mu ofesi muli zii. Ndimasintha nambala, n'kuyang'ana pa sikirini kuti chasuntha n'chiyani, n'kuibwezera. Nthawi zina sipasuntha kanthu, koma kudepoti n'kuimba kuti malisiti akutuluka chadodolido. Ndikaipeza imodzi ndimakuwa kuti, "Ndakugwirani, mfiti inu!" ndipo mayi wa malipiro amadzidzimuka, chifukwa kumpando ndikulozako kulibe munthu. Kampani ya mabasi yatopa nafe. Abwana ayamba kale kufunsa anthu ogula mipando.

Dzulo akazi awo anabwera kudzatenga jekete limene linatsala pamsomali. Anaima kumbuyo kwanga n'kuyang'ana manambala ali mbwee pa sikirini.

"Zikuyenda, alamu?"

"Sizikuyenda, mayi. Lachisanu tikutseka."

"Ndiye kuti mumawatchulabe?"

"Tsiku lililonse. Koma musandifunse zimene ndimanena."

Anaseka, kenako anapukuta m'maso ndi mkono wa jekete lija.

"Ankafuna zomwezo," anatero.