A Nangamlatho a ku Kabudula

Ku Kabudula kunali mayi mmodzi amene sankapita ku msonkhano chimanjamanja. Anzawo ankanyamula maambulera, koma a Tisiyenji ankasenza thabwa. Linali thabwa lofumbwa la pa mlatho wa Kachule, umene unakokoloka n'kusiya mudzi wawo tsidya lino, msika ndi chipatala tsidya linalo.

Mdani wawo anali khansala wa deralo, a Wyson, munthu wokonda wailesi kuposa anthu amene anamuvotera. Pa msonkhano wa chitukuko mkuluyu ankayambira nkhondo za ku Ulaya, n'kudzera pa mafuta a ku Arabiya. Tsiku lina anafika popempha komiti kuti ilembe kalata yodzudzula mayiko opanga mabomba. Thabwa linagwera patebulo, makapu n'kudumpha.

"Nanga mlatho?" anafunsa a Tisiyenji.

"Mayi, pano tikukamba za dziko lonse lapansi."

"Dziko lapansilo limawolokera pati pa Kachule? Inetu ndabwera chitenje chili m'khosi. Tinakuvoterani kuti muziweruza azungu, eti?"

Khansalayo anayesa nzeru zonse. Anasamutsira msonkhano ku Nsaru, koma anakapeza thabwa lafika kale pa kabaza, latenga mpando wakutsogolo. Anauza mlonda kuti matabwa asamalowe pakhomo, a Tisiyenji n'kulilowetsera pawindo. Funso lawo silinkasintha, moti anthu anaiwala dzina lawo n'kumangoti a Nangamlatho.

Bwana wina wa m'tauni atamva dzinali anayesa ndi mfunda, ngati Nabanda kapena Nangozo. Anapereka moni atagwira chigongono mwaulemu.

"Zikomo a Nangamlatho. Kodi mfunda umenewu ndi wakuti?"

"Wakwanu komweko, bwana. Munatipatsa ndinu."

Dzinja lapitali chibayo chinawagwira mayiwa. Ngolo inafika nawo pa Kachule mtsinje utadzaza, ndipo anadikira m'mphepete tsiku lonse, malata a chipatala akuoneka patsidya. Anatsirizikira m'ngolo momwemo. Nkhaniyi imawawa mpaka lero, ndipo kumudziko palibe amene wamukhululukira khansala.

Ku maliro a Wyson anafika buluku litanyowa mpaka m'chiuno, nsapato zili m'manja. Ataimirira kuti alankhule, anazindikira kuti dzina lenileni la malemu sakulidziwa. Anangotchula limene ankalidziwa.

"Malemuwa, a Nangamlatho..."

"Eya, nanga mlathowo?" linayankha khamu lonse.

A Wyson anakhala pansi, ndipo kwa nthawi yoyamba za ku Ulaya zinapuma.

Masiku ano misonkhano imatha msanga, makapu ali phee patebulo, ndipo imagwetsa ulesi. Thabwa lija ana a malemuwo anakaliyala pa Kachule. Silifika ndi pakati pomwe, koma aliyense wowoloka amayamba waponda pamenepo asanalowe m'madzi.